Chimakina Chosagwa cha Ottilia

Dzuwa litapendeka, Ottilia ankapukuta fumbi pagalasi la chimakina chake chogulitsa zokhwasulakhwasula, pakhonde la sitolo yake pafupi ndi pokwerera maminibasi ku Katete. Apo ndi pomwe anamva fungo. Silinali la machipisi kapena mtedza wokazinga ayi, linali la thukuta la munthu wotopa.

Chimakinacho anamusankhira ndi akulu ake, a Doris. Iye ankafuna kakang'ono, koma iwo anamuseka. "Kameneko makondakitala akangokagwedeza kagwa. Tenga chachikulu, cholemera, cholowa katundu wambiri." Simenti yomangira miyendo yake pansi anakanda okha, ndi madzi a m'chigubu omwe anabwera nawo kuchokera ku Vubwi. Ottilia anathokoza mpaka misozi. Nanga mbale wako wa bere limodzi ungamukayikire?

Malonda anayenda, eee, mpaka anthu anayamba kunong'ona. Chimakinacho sichinkatha katundu. Madzulo m'kati muli mbee, m'mawa mwadzaza tho. Ottilia ankati ndi chifundo cha a Doris, poti kiyi wina anali kwa iwo. Koma mlonda wa pamsika anasiya ntchito, akuti ankamva wina akutsokomola m'katimo. Mayi wa vitumbuwa amene anayerekeza kusuzumira kuseri anagwa masanasana, osadzukanso.

Kenaka Nelly, mwana mmodzi yekha wa Ottilia, anayamba kuonda. Ankagona m'nyumba yokhoma, koma kudzuka msana ukuwawa, mawondo ali osupuka, zala zili noninoni ndi mafuta ndi mchere. Kuchipatala sanapeze kanthu.

"Amayi, kumene ndimapitako n'kothina," anatero m'mawa wina.

"Kuti, mwanawe?"

"Kaya. Ndimangolongedza mapaketi. Amayi aakulu amati ndifulumire, kusanache."

Ottilia anadzambatuka. Anathamangira kwa abambo a kumpingo, ndipo iwo anabwera kuchimakina kuja ndi nyundo ndi zingwe. Anakoka, anakankha, chimakina chili nji. Mmodzi anamenya simenti ndi nyundo. Nthawi yomweyo mayi woyandikana nyumba ndi Ottilia anatulukira ali wefuwefu.

"Amake Nelly, mwana wakuwa kunyumba. Mwendo wathyoka ali chigonere pamphasa."

A Doris anali ataima kale kumbuyo kwa gulu, chikwama chili m'khwapa, nkhope ili phee.

"Menyaninso," anatero, "muone amene mukumuswa."

"Asisi, mwana wanga? Amene munamusambitsa inu atabadwa?"

"Unkafuna chosagwa, chosatha katundu. Unkayesa chimadzazidwa ndi mphepo?"

"Ndinakukhulupirirani kuposa Mulungu wanga, asisi. Mwandipha."

A Doris anatembenuka. Anadutsa pakati pa anthu, ndipo palibe anatambasula dzanja kuwagwira. Anakwera galimoto ya ku Vubwi, ndipo ena amati anawolokera ku Mozambique.

Abambo aja anakwezanso nyundo, mitima ili m'mwamba ndi ukali. Ottilia anadziponya patsogolo pa chimakinacho, manja ali tambalale, akulira. "Chonde, abambo anga, musachikhudze. Mwana wanga ali momwemo."

Chimakinacho chikadalipo pakhonde paja, chodzaza mpaka pamwamba. Ottilia amakhala pambali pake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mlendo akatsika minibasi ndi njala n'kuyandikira, iye amamuthamangitsa ngati galu, kuti pasachoke ngakhale paketi imodzi, mwina mwana wake angapumeko.