Oyilo Wosasefa wa Gideon

Nyumba ya a Langford ndi amayi Agness, ku kampu ya masikauti a nyama kufupi ndi Kakumbi, inali nyumba yaulemu. Ankapemphera m'mawa uliwonse, ndipo ndewu yawo sitinaimvepo, ngakhale ife akazi a pachitsime amene sitiphonya kanthu. A Langford ndiwo ankayendetsa ndi kukonza galimoto ya kampu. Inali imodzi yokha, yokalamba, koma ndiyo inkanyamula wodwala aliyense kupita naye kuchipatala cha mishoni. Chaka chimenecho mwana wawo Ennie anabwera kudzadikirira kwa amake ali ndi mimba yoyamba, ndipo anamwino anali atamuuza kale kuti asayerekeze kuchirira pakhomo.

Mlongo wake wamng'ono, Gideon, anali mnyamata wa manja abwino. Sipanala inkamumvera. Atate ake anamuphunzitsa zonse, makamaka za oyilo wa m'giyabokosi. Masiku amenewo oyilo ankachokera ku Chipata ndipo ankatha miyezi osabwera, choncho akatsitsa wakale sankamutaya. Ankamuvundikira, kumusefa pansalu yoyera, kupukuta tizitsulo tomata pa nati ya pansi, kenako n'kumubwezera. A Langford ankakonda kunena kuti mchenga wa Luangwa ndi wabwino kwa ng'ona yoikira mazira basi, koma ukalowa m'giya umadya mano ake ngati chiswe.

Ndiye kunabwera Maybin. Ameneyu anamuchotsa ntchito kumalo a alendo cha ku Nkwali chifukwa chomwa zotsala m'mabotolo a azungu, ena amati ndi zosatsegula zomwe. Ndiye anamuonetsa Gideon kanjira kopita kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa munda wa mapira. Posakhalitsa mnyamata anasiya kwaya, n'kumadzuka dzuwa lili pamutu. Amake analankhula mpaka mawu kusasa, iye n'kumangoti ali bwino.

Mwezi wa Okutobala a Langford anagwa ndi malungo, giyabokosi nayo ikudontha. Anamuitana Gideon pamphasa pawo.

"Mwanawe, mlongo wako watopa, tsiku lililonse tinyamuka naye. Umange podonthapo, oyiloyo usefe. Wandimva?"

"Ndamva, atate."

Anatsitsira oyilo m'beseni pansi pa mtengo wa mvunguti, podontha paja n'kumanga bwinobwino. Ali mkati Maybin anatulukira, akuti kachasu wa lero ndi wa mutu, wochedwa akapeza madzi okhaokha. Gideon anati ayambe wasefa.

"Iwe, galimoto yoyenda m'matope mpaka m'khosi ingafe ndi kafumbi?" anatero Maybin. "Atate akowo amaisamala ngati mkazi wachiwiri. Tiye."

Anapita, beseni osalivundikira. Masana kamvuluvulu anadutsa pabwalo la kampu, tonse n'kuthamangira zovala pachingwe. Gideon anabwerako akudzandira, anapeza oyilo atayera ndi fumbi pamwamba. Anachotsa masamba ndi chala, n'kuthira m'giya. Nsalu yosefera inali pompo panthambi. Atate ake atafunsa ali m'nyumba, anayankha kuti wasefa.

Sabata imeneyo anayendetsa masikauti m'tchire. Giya inayamba kulira kamawu kachilendo, iye n'kumaimba mokweza kuti anzake asamve. Akanatha kutsitsanso oyilo uja n'kutsuka, koma anaopa kuti atate ake adziwa kuti ananama. Mantha amenewa ine ndimawamvetsa, anthuni. Ndani wa ife sanaopepo nkhope ya atate wake?

Matenda a Ennie anayamba m'mawa. Anamugoneka pamatiresi kumbuyo, amake pambali, Gideon pachiwongolero. Atafika pamtsinje wouma, pamene mchenga umafuna giya yamphamvu, panamveka phokoso ngati chinthu chikutafuna miyala. Injini inkalira, matayala osazungulira. Pamalopo panalibe mudzi, mapazi a njovu okhaokha. Gideon anathamanga kukaitana anthu, mapazi akupsa, ndipo pobwera ndi amuna onyamula machila anapeza zatha. Mwana anali wamwamuna, anatsogoza miyendo, ndipo sanalire. Ennie anafika kuchipatala pamapewa a anthu, n'kupulumuka mwa chisomo chokha. Kamwanako tinakakaika akazi okhaokha monga mwa mwambo, popanda kulira mokweza.

Anthu pakampu ankangoti galimoto yakalamba, palibe amene analoza chala Gideon. Akanakhala chete, mwina bwenzi mpaka lero ali pantchito. Koma chakudya chinasiya kumulowa. Ennie atatuluka m'chipatala, Gideon anakagwada pakhomo la chipinda chake.

"Alongo, oyilo uja sindinasefe. Ndinapita kumowa."



"Dzuka, ukawauze atate," anatero Ennie. "Ine ndilibe mphamvu zokusenzera zimenezi."

Anakawauza. A Langford sanamumenye, anangophimba nkhope ndi bulangete. Atapezako bwino anapita okha kwa akulu a kampu kukanena zoona, ndipo ntchito ya Gideon inathera pomwepo. Maybin sanaonekenso ngakhale kudzapepesa. Gideon anasiya mowa, anabwerera kutchalitchi, pano amakonza njinga ku Mambwe. Ennie anamukhululukira patapita nthawi, ndipo amadya m'mbale imodzi.

Ana inu, mverani. Ntchito imene mwaidumpha chifukwa cha mowa ndi ulesi, n'kuiphimba ndi bodza, imakagwera munthu wosalakwa. Mukalakwa nenani msanga, chinthu chikadali chokonzeka. Gideon analapa ndipo anakhululukidwa, koma mwana wa Ennie sanabwerere.