Asaseke Ulendo Uno

Kiyoshi Nagumo anachedwa chifukwa cha mowa wa mpunga komanso pakamwa pa a Hamaguchi, eni kanyumba kogulitsira soba, chakudya chonga supageti, ku Kamizato. Mkuluyo atangomva kuti mlendoyu akutsata matauni omwe anajambulako filimu yakale ija, anatseka chitseko n'kuyamba kusewera mbali zonse yekha, ndi ya galu yomwe. Pomwe Kiyoshi ankatuluka n'kuti sitima yomaliza itapita kalekale. Chikwama chake chinali kunyumba ya alendo kuseri kwa phiri, choncho anauyamba wapansi.

Filimuyo ndi ija yopanda mitundu, imene aliyense kwathu kuno anairirirapo misozi. Ena amaikondera mtsinje, ena nyimbo. Kiyoshi ankaikondera kamphindi kamodzi, pomwe atsikana awiri amatsika masitepe amiyala atafunda ambulera imodzi. Wakumanjayo ndi mayi ake a Kiyoshi, a Mitsue. Tsopano anali gone m'chipatala, dzina la mwana wawo likuwathawa, koma masitepewo ayi. "Ukandionere ngati alipobe," ankatero tsiku ndi tsiku. Adokotala anali atanena mosabisa kuti chipale chofewa cha chaka chino sadzachiona.

Zina zonse anazipeza, ndipo zinamukoma mtima. Mlatho unalipo, benchi la pasiteshoni linalipo, ngakhale kanyumba kometera kanali kakugwirabe ntchito, zipatso zoyanika zili lende pakhonde. Mapiri anali psuu ndi masamba a nyengo ino. Koma masitepe? Aliyense ankaloza kwake. Ngakhale a Hamaguchi, ndi luntha lawo lonse lija, anangokanda pamutu.

Mwezi unali mbee. Msewu unakwera, unakhota, kenaka unayamba kutsata mpanda wa manda. Mphepo inaleka. Tizilombo tinaleka kulira. Anamva mapazi ake okha... ndiyeno ena.

Go! Go! Go!

Nkhwaira zamatabwa. Kumbuyo kwake. Anaima, nazonso zinaima. Anacheuka: palibe. Atayang'ananso kutsogolo, mtsikana anali chilili pakati pa msewu, atavala kimono, mkanjo wachikhalidwe chathu uja, atafunda ambulera yapepala. Mvula kunalibe ndi dontho lomwe.

"Bambo inu, mwalowa m'chithunzi," anatero. "Tasunthirani uko."

Kiyoshi anasuntha. Miyendo inamvera yokha.

"Ndipo musamayang'ane kamera. Amakalipa. Tiyeni."

Mtsikanayo analowa kanjira kodutsa pakati pa miyala ya manda. Munthu wanzeru akanathawa. Kiyoshi anaganiza za mayi ake, n'kutsatira. Go... go... go... Anadutsa kachisi wakugwa denga, anapinda pansi pa nsungwi, ndipo mwadzidzidzi anawaona!

Masitepe aja. Ankakwera mpaka kukalowa m'mitengo, atakutidwa ndi masamba ofiira omwe palibe anawapondapo. Mwala wachitatu unali wong'aluka, ndendende ngati m'filimu. Iye anazolowera kuwaona otuwa, sankadziwa kuti angakongole chotere. Mantha anayamba aiwalika. Analira.

Mtsikana uja anakwera pang'onopang'ono, msana uli njo, phazi lililonse likugwa pamalo pake ngati wina akumuwerengera. Panalibe wosewera wa m'filimuyo amene anayendapo mokongola choncho. Ali pakatikati anatembenuka, mwezi n'kumuwalira pachifuwa.

Kimono. Mbali yakumanja inali pamwamba pa yakumanzere.

Wamoyo savala choncho. Timaveka choncho maliro okha.

Kiyoshi anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Mukamuuze Mitsue," anatero mtsikanayo akumwetulira, "ambulera ndagwira ine, ndikumudikira pamwamba. Koma asaseke ulendo uno. Atibwezanso."

Tsamba limodzi linagwa pakati pawo. Lisanafike pansi, pamasitepe panalibe munthu.

Kiyoshi anajambula masitepewo, n'kuimbira mchemwali wake Yaeko, yemwe ankadwazika mayi awo kuchipatala.

"Iwe, wapenga? Usiku uno? Waledzera eti?"

"Ndawapeza. Amayi ali maso?"

"Sanagone. Dikira ndiwaikire kukhutu."

Anawafotokozera zonse, za ambulera, za nkhwaira, ndi uthenga uja liwu ndi liwu. Kenaka anamva chinthu chomwe anali asanachimve chiyambire matendawa. Mayi ake ankaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Ameneyo ndi Tokiko, mnzanga wa m'ambulera uja! Sanasinthe, wamwano uja!" Mawu awo anali owongoka ngati a kale. "Tinatsika masitepe amenewo mpaka dzuwa kulowa, Kiyoshi. Tikangofika pamwala wong'aluka ine phwii kuseka, wojambula n'kutibweza. Tokiko anali wakhama, anayeserera mayendedwe amenewo mwezi wathunthu."

Mayi ake anali atamutchula dzina lake. Kiyoshi anakhala pansi pamasamba.

"Amayi, Tokikoyo ali kuti masiku ano?"

"Ali pomwepo pamandapo, mwanawe, wamudutsa. Chifuwa chinamutenga nyengo yozizira ya chaka chomwecho, filimu isanatuluke. Sanadzionepo n'kamodzi komwe momwe anakongolera." Anapuma kaye. "Akadali pafupi?"

Kiyoshi anakweza maso. Pamwamba penipeni, mumdima wa mitengo, panamveka go... go... ngati munthu wotopa ndi kuima.

"Ndikuganiza choncho, amayi."

"Umuuze ndikubwera, asatope. Koma zoti ndisaseke, aiwale."