Kachewere Wotsuka wa a Koroneli

Adérito anakhala zaka khumi ndi ziwiri ali sarijento pa gulu la asilikali a ndege za nkhondo. Ntchito yake inali kumanga mabawuti ndi kupukuta mafuta kunsi kwa ndege, anzake akuuluka. Kwawo ku Chidzolomondo nyumba ya amayi ake, mayi Ernestina, inkadontha, iye osakwanitsa kugula ndi lata limodzi lomwe. Komabe amayiwo chaka chilichonse ankamutumizira thumba la kachewere pa minibasi ya chapa, wosatsuka, ali ndi dothi lake, poti kachewere wotsuka sachedwa kuola.

Chimene chinkamudya mtima ndi Cosme, mnzake amene anabwerera naye limodzi kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi. Cosme anali atakwezedwa kale, ndipo m'mawa uliwonse Adérito ankaima njo n'kumuchitira sawasha munthu amene ankagona naye mphasa imodzi.

Atapita kutchuthi, anatapa dothi la pakhomo pa amayi ake monga anamulangizira anthu, n'kukwera njinga yamoto mpaka ku Ntengo-Wambalame, kwa sing'anga wina dzina lake Atanásio. Anamupeza masana akusankha nyemba pakhonde.

"Mukufuna kufika pati, a sarijento?" anafunsa Atanásio, maso ali pa nyemba.

"Pamene Cosme adzandichitire sawasha."

"Pamenepo m'pafupi, mupitirira. Dothi mwabweretsali ndi limene likukukokerani pansi. Ndilitsekera m'nsupa. Kuyambira lero khungu lanu lisakhudze dothi la kwanu, ngakhale kafumbi kolowa m'chikhadabo. Tsiku limene mudzalikhudze, zonse zidzatsika, ndi mutu wanu womwe."

"Basi?"

"Dothi nalo limadya. Akakukwezani, lidzatenga mmodzi wotuluka m'mimba imene munatulukamo inu. Munabadwa angati?"

"Anayi. Ine, Luckson, Glória ndi Benedita."

"Pronto. Mukwera katatu."

Adérito sanafunse kuti ayambe ndani. Anangofunsa kuti ziyamba liti.

Chaka chomwecho anamusankha kukaphunzira kuulutsa ndege, ndipo anabwerako ali tenente. Sabata imene anavala udindowo, mng'ono wake Luckson anagwa m'munda wa fodya khasu lili m'manja, osadzukanso. Adérito anatumiza bokosi lokongola, iye osapita. Anati ntchito yachuluka.

Thumba la kachewere litafika, analamula kuti libwezedwe osamasula. Pa foni anawakalipira amayi ake: "Mamã, ine si munthu wodya zadothi ayi. Muzindichititsa manyazi mpaka liti?"

Mayi Ernestina sanakwiye. Chaka chotsatira anakhala pa mjigo tsiku lonse kutsuka kachewere mmodzimmodzi, n'kumuyanika pa chitenje chawo chakutchalitchi. Kachewereyo anafika kwa mwana wawo atayamba kale kununkha, ndipo anatayidwa kudzala. Chaka china anatsukanso.

Patapita zaka zisanu, Adérito analumpha akuluakulu ake n'kukhala koroneli. Cosme anamuchitira sawasha anthu akuona. Nyumba yosanja ku Maputo, magalimoto, woyendetsa wake, zonse zinabwera. Mwezi womwewo mlongo wake Glória anamva mutu m'mawa, pofika naye ku chipatala cha ku Furancungo anali atazizira. Anasiya khanda la miyezi inayi, ndipo Benedita anayamba kuliyamwitsa limodzi ndi lake.

Koroneli tsopano ankavala magolovesi oyera ngakhale kukutentha. Munthu wa kwawo ku Macanga akabwera ku ofesi, sankamupatsa dzanja, ndipo akatuluka ankalamula kuti akolope pamene anaponda. Anthu ankati ndi matama. Iye ankangowerenga mumtima kuti watsala Benedita.

Mayi Ernestina anamwalira chifukwa cha ukalamba ndi kulira, sabata yomwe kunamveka kuti Adérito amukweza kukhala jenerali Lolemba likudzalo. Akuluakulu a usilikali anakonza gulu lomuperekeza kumaliro, ndiye pokanira panalibe. Anafika Loweruka atavala jombo zofika m'mawondo ndi magolovesi ake, n'kukana kukhala pamphasa.

Kumanda, bokosi litatsika, a katekisita anatapa dothi pa khasu n'kupereka kwa ana a malemu, kuyambira wamkulu, kuti aponye m'manda. Adérito anaika manja kumbuyo. Ankadziwa bwino kuti akalikhudza, Benedita akhala ndi moyo ndipo iye atsika. Anamuyang'ana mlongo wakeyo, ana awiri atamugwira chitenje, n'kunena kuti, "Aponye ena. Yunifolomu salola."

"Achimwene, yunifolomuyo ndiye anakuyamwitsani?" anatero Benedita, mosakweza mawu. "Kwa Luckson simunabwere. Kwa Glória munatumiza nkhata. Amayi awa zala zinachita kusupuka kukutsukirani kachewere, inu mukutaya. Lero dothi lawo likununkhirani?"

"Mana Benedita, khalani pansi," anamudandaulira Cosme, amene anali m'gulu loperekeza.

"Ndikhala akaponya."

Benedita anatapa dothi ndi manja awiri, n'kumupaka mchimwene wakeyo pakhosi ndi kumaso, pamene golovesi safika. "Ndi amayi anu awa. Agwireni."

Adérito sanakuwe. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anayamba kuthothola zizindikiro za paphewa pake n'kumazitafuna. Lolemba lija anali atamangidwa ndi zitenje pakhonde la malemu amayi ake, akulamula nkhuku kuti ziime pamzere. Nyumba ndi magalimoto zinathera kwa ochiritsa, ndipo kwa Atanásio anapeza udzu utamera pakhomo.

Masiku ano Adérito ali pa msika wa ku Furancungo. Amadumphadumpha pa miyala kuopa kuponda pansi, ndipo khwangwala akadutsa amamuchitira sawasha. Cosme amatumiza bulangete nyengo yozizira. Benedita ali moyo, akulera ana onse awiri, ndipo tsiku la msika amamubweretsera kachewere wowotcha. Amamupatsira m'manja, ali ndi phulusa ndi dothi lake.

Anzanga, dyera la udindo ndi chuma limayamba kudya a m'nyumba mwako, pomaliza limadya iwe. Ukakwera poponda abale ako, tsiku lotsika udzapeza amene angakugwire dzanja ndi yemwe unamuika pa mndandanda wa akufa.