Tebulo la Amayi Aang'ono

Olive anali mtsikana wa ku Chintheche. Anali mu Sitandade 2. Olive analibe manyazi. Ankafunsa chilichonse. Ankafunsa aliyense. Pakamwa pake sipankatseka, iyayi!

Olive ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi ake aang'ono asachoke pakhomo.

Amayi aang'onowo dzina lawo linali Sora. Kwawo kunali ku Korea, kutali zedi. Iwo anakwatiwa ndi a Griffin, mng'ono wa bambo a Olive. A Griffin anabwera nawo kumudzi. Kenako anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito sabata imodzi. A Sora anatsala.

A Sora sankadziwa Chitonga. Sankadziwa Chichewa. Chingerezi ankachidziwa pang'ono chabe.

Bambo a Olive anali a Ackson, kalipentala. Iwo anakonzera mlendoyo mpando. Anamukonzera bedi. Anamukonzeranso tebulo la mlombwa, lalitali, lonyezimira.

"Tebulo ngati ili kulibe," ankatero a Ackson. "Yendani mpaka ku Bandawe, simulipeza!"

Ankanena zimenezi m'mawa. Ankanenanso masana. Ngakhale nkhuku zinatopa nazo.

Tsiku loyamba, Olive analowa m'chipinda cha mlendo. Analoza mpando.

"Mpando," anatero Olive.

A Sora anamwetulira. "Wija," anatero.

"Wija!" anakuwa Olive. "Wija, wija, wija!"

Olive analoza bedi.

"Chimde," anatero a Sora.

"Chimde!" anakuwa Olive, nadziponya pabedipo.

Olive analoza kalilole.

"Koul," anatero a Sora.

"Koul!" anatero Olive. Anatulutsa lilime pakalilole. A Sora anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Olive anathamangira kukhitchini. "Ama, ndikudziwa Chikorea!"

"Mawu atatu basi?" anatero amayi ake. "Iwe mwana, usatigonthetse m'makutu."

"Mawa akhala asanu," anatero Olive.

Nthawi ya chakudya inakwana. Amayi anaika mbale za mlendo patebulo lalitali lija. Anaika kondowole, nsima ya chinangwa. Anaika nsomba yabwino kuposa zonse. A Sora anakhala pampando, m'nyumba, okhaokha.

Ena onse anakhala pakhonde, pamphasa. Ankadya. Ankacheza. Ankaseka.

Umenewo ndiwo ulemu wake. Mlendo amapatsidwa mpando. Mlendo sakhala pansi.

Koma mbale za a Sora zinabwerera zodzaza.

Tsiku lachiwiri, Olive analoza kabati ya zovala.

"Otjang," anatero a Sora.

Olive analoza tebulo lalitali.

"Shiktak," anatero a Sora. Koma sanaseke. Mawu awo anali apansipansi.

Mbale zinabwereranso zodzaza.

Tsiku lachitatu, mbale zinabwereranso zodzaza. Amayi anagwira njakata.

"Kodi sindidziwa kuphika?" anafunsa amayi. Mtima unawapweteka kwambiri.

Tsiku lachinayi m'mawa, foni ya a Ackson inalira. Anali a Griffin.

"Achimwene, Sora sakudya," anatero a Griffin. "Ndikamufunsa amangoti zonse zili bwino. Ndauza Peterson wa njinga yamoto. Masana ano amutenge. Akakhale kunyumba ya alendo ku Makuzi."

Olive anamva zonse. Misozi inalengeza m'maso. Koma Olive anaipukuta msanga.

"Sapita," anatero Olive.

Anathamangira kuchipinda cha mlendo. A Sora ankalongedza chikwama. Foni yawo inali pabedi. Pafonipo panali chithunzi.

Olive anayang'ana chithunzicho. Panali anthu asanu ndi mmodzi. Onse anakhala pansi. Onse ankadya. Onse ankaseka. Pakati pawo panali tebulo. Koma tebulo lake! Miyendo yake inali yaifupi kwambiri.

Olive analoza tebulolo. "Shiktak?"

A Sora anapukusa mutu. "Bapsang," anatero.

"Bapsang," anatero Olive pang'onopang'ono.

A Sora analoza anthu aja mmodzimmodzi. Kenako anadziloza okha. Msozi unagwera pafoni.

Ohoo! Olive anamvetsa. Vuto silinali kondowole. Vuto silinali nsomba. A Sora sankafuna kudya okha.

Olive anagwira a Sora dzanja. Anawakokera kushedi ya bambo ake.

"Ada!" anaitana Olive. "Tengani sowo. Tidule miyendo ya tebulo."

A Ackson anagwetsa pensulo.

"Wati chiyani? Tebulo langa la mlombwa?"

"Inde, Ada. Amayi aang'ono sakufuna shiktak. Akufuna bapsang."

"Bapu chiyani?"

"Bapsang, Ada. Tebulo lalifupi. Timakhala pansi tonse. Timadya tonse."

"Ayi, ayi, ayi!" anatero a Ackson. "Mlamu wanga akhale pansi? M'nyumba mwanga? Anthu a kutchalitchi adzati chiyani? Adzati Ackson alibe ulemu. Adzatinso Ackson sadziwa kuyeza miyendo!"

Olive sanabwerere m'mbuyo. Anapempha foni kwa a Sora. Anaionetsa kwa bambo ake.

"Taonani, Ada."

A Ackson anavala magalasi. Anayang'ana. Anayang'ananso. Anaona bambo wina wa imvi mbuu. Bamboyo anali pansi, miyendo atapinda.

"Awa ndani?" anafunsa a Ackson.

A Sora anaika dzanja pamtima. Anakumbukira mawu amene Olive ankaitanira bambo ake.

"Ada," anatero a Sora.

"Bambo anu? Akuluakulu otere, pansi?"

Amayi a Olive anafika pakhomo la shedi.

"Bambo a Olive," anatero amayi, "mlendo ndi mame. Mukamachedwa, tipeza wapita."

A Ackson anausa moyo. Anasisita ndevu. Kenako anatenga sowo.

Anatulutsa tebulo panja. Analigoneka chagada.

"Ndidule pati?" anafunsa.

Olive anauza a Sora kuti akhale pansi. Anatenga tepi. Anayeza kuchokera pansi mpaka pamimba pawo. Analemba mzere ndi pensulo.

"Apa, Ada."

"Ukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Kwe, kwe, kwe! Mwendo woyamba unagwa. A Ackson anatsinzina.

Kwe, kwe, kwe! Mwendo wachiwiri unagwa.

Kwe, kwe, kwe! Wachitatu. "Mayo mlombwa wanga!" anatero a Ackson.

Kwe, kwe, kwe! Wachinayi.

Anaimika tebulo pakhonde, pamphasa. Silinagwedere ngakhale pang'ono. Pajatu a Ackson ntchito yawo ankaidziwa.

A Sora anagwira pakamwa. Anagwada. Anasisita tebulolo ndi manja onse awiri.

"Bapsang," anatero. Ankalira, koma ankasekanso.

Amayi anabweretsa mbale. Olive anakhala pansi. Amayi anakhala pansi. A Sora anakhala pansi. A Ackson nawo anayesa kupinda miyendo. Mawondo awo analira, tho! tho! Onse anafa nacho chiseko.

A Sora anasamba m'manja. Anatema kondowole. Anadya. Anatemanso. Anadyanso. Nsomba inatha. Anakweza mbale kwa amayi.

"Iii, akufuna ina!" anatero amayi. Anathamangira kukhitchini akuvina.

Pipiii! Pipiii! Njinga yamoto inaima pamsewu. Anali a Peterson.

"Odi kuno! Ali kuti mlendo wopita ku Makuzi?"

Onse anayang'ana a Sora.

A Sora anayang'ana njinga. Anayang'ana Olive. Kenako anasendera pang'ono. Anamenya pamphasa ndi dzanja, pambali pawo.

Olive anadumpha.

"A Peterson, zimitsani njinga!" anakuwa Olive. "Kuno kulibe wopita ku Makuzi. Amayi aang'ono akuti bwerani tidye!"