Tikufikitseni Pamtsinje Basi

Ndege zisanu zinatulukira kuseri kwa phiri mwakachetechete, phokoso lake likubwera pambuyo ngati mwana wotsalira pa ulendo. Zinakwera choimirira, kugudubuzika limodzi, kenaka n'kumwazikana, iliyonse ikukoka mchira wa utsi wamtundumtundu. Khamu lomwe linadzaza bwalo la asilikali pa chionetsero cha m'chaka cha 2094 linakuwa mpaka ana kutseka makutu.

M'ndegemo munalibe munthu. Anthu ankazitcha Akabawi: mapiko ali nawo koma nthenga alibe, amaona patali koma maso alibe. Nzeru zawo zinachokera m'chisoti chotchedwa Mtapanzeru, chomwe chimatapa zonse zimene ubongo wa wochivala ukuchita n'kuzithira m'makina. Amene anachivala zaka zambiri anali Kaputeni Ndaziona Kalilani, munthu womaliza m'dzikomo kuulutsa ndege ya nkhondo ndi manja ake. Anzake onse anapuma kalekale. Kuchipinda chodyera ankadya yekha, mipando ikumuyang'ana. Ocheza nawo anali Akabawiwo, pa wailesi ya m'chisoti, ndipo ankamuyankha ndi mawu ofanana ndi ake.

Limeneli linali tsiku lake lomaliza. Chionetsero chikatha anayenera kukasiya ndege yake yakale kumalo osungirako zinthu zamakedzana, kummwera, iye n'kumapita kumudzi. Chomutonthoza chinali chimodzi: zonse zimene ankadziwa zitsala mwa Akabawi. Mantha ake analinso amodzi. Lamulo linkati makina a nkhondo akangokana kumvera, ngakhale kamodzi, nzeru zake zifufutidwe zonse.

Pomwe ankapita kukakwera, anthu onse anali atamupatsa msana, akujambula Akabawi. Womugwirira makwerero anali Sajeni Mpinganjira yekha, makaniko wa imvi.

"Madamu, mukakafika mukawete nkhuku," anatero Sajeni. "Nazonso zili ndi mapiko, kungoti n'zaulesi."

Ndaziona anaseka pang'ono. Sajeni anawonjeza kuti akanakonda kumuperekeza, koma miyendo yake sifika kumwamba.

Ananyamuka zimkuzamawu zikulengeza za mwana wosochera. Atasuzumira pansi, panalibe nkhope ndi imodzi yomwe yoyang'ana kumwamba.

Asanapite patali anamva mkulu wa pansanja yolondolera ndege akulamula Akabawi kuti atere. Analamulanso kachiwiri. Ndaziona atacheuka anawaona: awiri kumanja kwake, awiri kumanzere, mmodzi pambuyo, atachepetsa liwiro kuti lifanane ndi la ndege yake yokalamba.

"Bwererani," anatero. "Mukudziwa chimene akakuchiteni?"

"Tikudziwa, amayi," anayankha wotsogolera Akabawiwo. "Tikufikitseni pamtsinje basi."

Mawuwo ankawadziwa. Malemu mayi ake, mlendo akatsanzika, ankasiya chilichonse chomwe akugwira, kumulandira katundu, n'kumuuza zomwezo. Iyenso anakula akutero. Mtapanzeru sanadziwe kusiyanitsa maphunziro a nkhondo ndi maleredwe a pakhomo. Anangotapa zonse.

Anawachonderera. Anawalamula monga kaputeni, mpaka kuwanena kuti ndi zitsulo zopanda makutu. Iwo sanatsutse. Anangoyamba kumufunsa zomwe operekeza amafunsa panjira: ngati denga la nyumba ya kumudzi linakonzedwa, ngati bondo lija lasiya kupweteka, ngati mango a pabwalo apsa. Panali patapita zaka munthu asanamufunse zotere. Anapezeka akuyankha, misozi ikudontha m'chisoti momwe dzanja silikanafika.

Pansi panaoneka mtsinje wa Linthipe, wopyapyala ngati ulusi wotayidwa. Akabawi anapendeketsa mapiko onse pamodzi.

"Ife tibwerere pano, amayi. Mukapereke moni kunyumba."

Kunyumbako kunalibe wolandira moniwo, ndipo iwo ankadziwa. Koma potsanzikana amatero.

Sabata yomweyo nzeru zawo zinafufutidwa. Akatswiri anaikamo zina, zopangidwa ndi makompyuta okhaokha, zosakhudzidwa ndi mutu wa munthu.

Chaka chotsatira Ndaziona anabwera kuchionetsero atavala chitenje, n'kuima pakati pa khamu. Palibe anamuzindikira kupatula Sajeni Mpinganjira, yemwe anamuuza motsitsa mawu kuti atsopanowa salakwitsa kanthu, komanso salankhula ndi munthu. Akabawi atsopanowo anauluka mokongoladi, kuposa kale. Atalamulidwa kutera, anatera nthawi yomweyo.

Sajeni anaitanidwa kuntchito asanatsanzikane naye bwino. Ndaziona anatuluka pageti yekha, kulowera kokwerera basi, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wodikira kuti wina amupeze. Anacheuka kamodzi. Kumwamba kunali mbee, utsi womaliza ukusungunuka.

Dziko linali litapeza ndege zosalakwa, koma mlengalenga monsemo munalibenso wodziwa kuti munthu akamachoka amaperekezedwa.