Chithaphwi cha pa Geti la Sukulu

Panali mtsikana wina. Onse ankamutchula Kamafunso. Dzinali silinabwere lokha ayi. Mwanayu ankafunsa m'mawa. Ankafunsa masana. Ankafunsa ngakhale chakudya chili m'kamwa.

"Amayi, ulusi wapansi umakumana bwanji ndi wapamwamba?"

"Iwe, ndisiye ndisoke!" ankatero Amayi, makina osokera akulira.

Kamafunso anali ndi mng'ono wake. Kunyumba ankamutchula Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Mzime ankayenda pa chikuku. Miyendo yake inalibe mphamvu. Koma pakamwa, abale inu, panali mphamvu zonse!

Kamafunso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Mzime azipita kusukulu tsiku lililonse.

Dzuwa likawala, zonse zinkayenda bwino. Koma mvula ikagwa, pa geti la sukulu pankakhala chithaphwi. Chinali chachikulu. Chinali chamatope. Ana ena ankajowa pa njerwa zimene zinali m'mbali. Koma chikuku sichijowa.

Choncho Mzime ankatsala kunyumba. Ankakhala pawindo. Ankakhumudwa kwambiri. Kamafunso nayenso mtima unkamupweteka.

Tsiku lina mphunzitsi wamkulu anasonkhanitsa ana onse pabwalo. Ana ankawatchula Ahedi.

"Tamverani," anatero Ahedi. "Khonsolo ya mzinda ikupereka thandizo la ndalama."

Dzanja linakwera. La ndani? Mwadziwa kale.

"Khonsolo ndi ndani, Ahedi?" anafunsa Kamafunso.

"Ndi anthu amene amasamalira mzinda wathu. Amasamalira misewu. Amasamalira ngalande. Amachotsa zinyalala."

"Nanga ndalamazo n'zachiyani?"

"N'zokonzera malo a sukulu. Masukulu ambiri apempha. Olandira akhala ochepa. Tilemba fomu. Tinena vuto lathu, tinenenso njira yolithetsera."

"Chithaphwi!" anakuwa ana onse.

"Eya, chithaphwi," anatero Ahedi. "Madzi aja amachokera kumsewu. Tipempha kakhoma kowatchinga."

Dzanja lija linakweranso.

"Anaona ndani kuti amachokera kumsewu?"

Ana anaseka. "Aliyense amadziwa," anatero Ahedi.

"Inde, Ahedi. Koma anaona ndani?"

Ahedi anatsokomola pang'ono. "Tsitsa dzanja, mwanawe. Belu lalira."

Madzulo Kamafunso anafotokozera Mzime zonse.

"Madzi ndingawafunse bwanji?" anadandaula Kamafunso. "Madzi salankhula."

"Achemwali, inunso!" anatero Mzime. "Ine ndimaonera mvula pawindo kuposa nonsenu. Madzi amanyamula zinthu. Apatseni katundu. Muone kumene akamutule."

Mzime anatsegula kachitini kake ka zoseweretsa. Anatulutsa zitsekerero ziwiri za mabotolo. China chinali chofiira. China chinali chobiriwira.

"Mukandibwezere," anatero Mzime.

Lachitatu mvula inagwa. Inagwa yamphamvu. Nthawi yopuma itakwana, Kamafunso anathamangira kugeti. Anaima pa njerwa. Anaponya chitsekerero chofiira m'madzi a kumsewu.

Chofiira chinayandama. Chinayandikira geti. Chinayandikira ndithu. Kenako chinapitirira! Chinatsika ndi msewu, osacheuka.

"Ha!" anatero Kamafunso. "Madzi a kumsewu salowa kuno."

Anathamangira kuseri kwa makalasi. Madzi ankatsika padenga la malata. Ankatsika khwaa! khwaa! Kamafunso anaponya chitsekerero chobiriwira pansi pa dengalo.

Chobiriwira chinayandama. Chinazungulira pangodya ya kalasi. Chinadutsa pabwalo. Kamafunso anachitsatira. Chinadutsa pa ofesi. Kamafunso anachitsatirabe. Chinafika pageti. Chinalowa m'chithaphwi, n'kuima pomwepo.

"Iwe! Ukufuna chimfine?"

Anali Ahedi, ambulera ili m'manja.

"Ayi, Ahedi. Ndikufuna muone."

Kamafunso anavuula chitsekerero chija. Anabwerera nacho kuseri. Anachiponyanso. Ulendo uno Ahedi anachitsatira okha. Nsapato zawo zinanyowa. Masokosi awo ananyowa. Chitsekerero chinawafikitsa pageti.

Ahedi anakanda m'mutu. Anayang'ana denga. Anayang'ana chithaphwi.

"Koma ndiye!" anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira msewu. Madziwa ndi athu omwe! Kakhoma kaja kakanawatsekera m'kati."

Tsiku lomwelo Ahedi anasintha fomu. Sanapemphenso kakhoma. Anapempha mapaipi olandira madzi a padenga. Anapempha thanki yosungira madziwo. Anapempha kapinga, mitengo ndi kanjira ka simenti.

Kamafunso anabwerera kunyumba atanyowa chapachapa.

"Chofiira chili kuti?" anafunsa Mzime.

"Chapita ndi msewu."

"Ndiye mukachifunse chibwera liti."

M'mawa mwake mvula inali itakata. Madzi a pageti anali ataphwera pang'ono.

"Lero ndipita," anatero Mzime.

"Kuli matope, mwanangu," anatero Amayi.

"Ndipita basi."

Anapita onse atatu. Amayi anakankha chikuku. Pageti chinalowa m'matope. Chinayenda pang'ono. Chinayendanso pang'ono. Kenako chinatitimira. Amayi anakankha, osatheka. Kamafunso anakoka, osatheka.

Amayi anabereka Mzime kumbuyo. Anabwerera naye kunyumba. Mwana wa pakamwa uja anabisa nkhope pamsana pa Amayi. Kamafunso analira. Chikuku anakachizula pambuyo pake.

Kuchokera tsiku limenelo mvula inasiya. Dzuwa linawala sabata yonse. Linawalanso sabata yachiwiri. Chithaphwi chinauma gwaa. Mzime anabwerera kusukulu, akudutsa cham'mbali.

Ndiye taonani tsoka lake. Mlendo wa ku khonsolo anabwera nthawi imeneyo! Anali mayi wamtali, wa magalasi. Ananyamula fayilo ndi cholembera. Ana onse anawazungulira.

"Fomu yanu ikunena za chithaphwi," anatero mayiwo. "Chili kuti?"

"Chimakhala apa," anatero Ahedi.

Mayi aja anayang'ana pansi. Anaona fumbi. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe.

"Pepani, aphunzitsi," anatero. "Ndayendera masukulu asanu lero. Onse ali ndi mavuto ooneka. Ine ndimalemba zimene ndaona. Pano sindikuona madzi."

Anayamba kutseka fayilo. Kamafunso anayang'ana fayiloyo. Anachita mantha. Fayilo ikatsekedwa, Mzime adzatsalanso pawindo.

Dzanja linakwera.

"Mayi, kodi muyenera kuona madzi enieniwo?"

Mayi aja anatsitsa magalasi. "Ukutanthauza chiyani, mwanangu?"

"Bwanji mutaona zimene madziwo anachita?"

"Tandionetsa."

Kamafunso anawatengera kuseri kwa makalasi. Pansi pa denga panali kangalande. Madzi ndiwo anakakumba. Anakatsatira pangodya. Anakatsatira pabwalo. Anakatsatira mpaka pageti.

"Tsopano taonani apa," anatero Kamafunso.

Pakati pa matope ouma panali mizere iwiri. Inali yakuya. Inayambira kunja kwa geti. Inafika pakati. Inathera pomwepo.

"Mizereyi ndi ya chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Ndi yanga," anatero mawu ena kumbuyo.

Ana anapatuka. Mzime anayendetsa chikuku chake mpaka kutsogolo.

"Awa ndi matayala anga," anatero Mzime. "Apa ndi pamene ndinatitimira. Awo ndi mapazi a Amayi. Akuya kwambiri chifukwa anandibereka. Ndine wolemera, musandione kuchepa."

Mayi aja anagwada pafumbi. Analowetsa cholembera mu mzere umodzi. Cholembera chinalowa theka lonse.

"Mizereyi sinafike m'kati," anatero motsitsa mawu.

"Inenso sindinafike," anatero Mzime.

"Wajomba masiku angati chifukwa cha mvula?"

"Khumi ndi anayi. Ndimawerenga."

Mayi aja anatsegulanso fayilo. Analemba. Analembanso. Anajambula mizere ija ndi foni yawo. Anajambulanso kangalande.

"Ndiye tapata?" anafunsa Kamafunso.

"Sindigamula ndekha. Tikakhala pansi ku khonsolo. Koma tsopano ndili ndi zokanena."

Kudikira n'kowawa, inu! M'mawa uliwonse Kamafunso ankaima pakhomo la ofesi.

"Kalata yabwera, Ahedi?"

"Ayi."

"Nanga lero yabwera?"

"Ayi, mwanawe. Ukandifunsanso ndisamuka!"

Tsiku lina Ahedi sanadikire funso. Anatuluka okha mu ofesi. Anakweza kalata m'mwamba.

"Yabwera! Atipatsa!"

Ana anakuwa. Ana anavina. Mzime anazungulitsa chikuku katatu.

Amisiri anabwera ndi makwerero. Anamangirira mapaipi m'mphepete mwa denga. Anaimika thanki yaikulu kuseri kwa makalasi. Anawaka kanjira ka simenti kuyambira pageti mpaka m'kalasi. Makolo anakwirira chithaphwi. Ana anadzala kapinga ndi mitengo. Mzime ankagawa mbande.

Kamafunso sanawapatse mpumulo amisiriwo.

"Thankiyi ikadzadza, madzi apita kuti?"

"Apita ku mitengo yanu, kudzera m'paipi iyi."

"Nanga mitengo ikakhuta?"

Mmisiri wamkulu anaseka. "Mwanayu ndi wa ndani? Tim'lembe ntchito!"

Kenako mvula inabweranso. Inayamba mbandakucha. Mzime anavala yunifolomu msangamsanga. Amayi anam'funditsa pulasitiki. Kamafunso anagwira ambulera.

Anafika pageti. Mzime anaima kaye. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Chithaphwi kunalibe.

"Musandikankhe," anatero Mzime.

Anagwira matayala yekha. Anadutsa pageti. Anadutsa pabwalo. Analowa m'kalasi.

Madzulo mvula inali ikugwabe. Onse atatu anakhala patebulo.

"Waphunzira chiyani lero?" anafunsa Amayi.

Mzime anaika supuni pansi. Maso ake anali mwee.

"Amayi, mukudziwa zimene zimachitika? Mvula ikakula, malata amalira kwambiri. Aphunzitsi samveka. Amangooneka pakamwa kuyenda. Ndiye amaika choko pansi. Ndiye timaimba! Kalasi yonse! Timapikisana ndi mvula!"

"Wapambana ndani?" anafunsa Kamafunso.

"Ine, kumene. Achemwali, zabwino chonchi munkandibisira?"

Kamafunso anaseka. Anam'kumbatira mng'ono wake. Anasangalala mpaka misozi.

Mzime anayang'ana kudenga. "Amayi, mawa igwenso."

Amayi anayang'ana zovala zimene anayanika m'nyumba. Zinali zisanaume kuyambira dzulo. Kenako anayang'ana Mzime.

"Igwe, mwanangu," anatero Amayi. "Igwe basi."