Mtsikana wa Mapositala

Rosina Longwe anakumana ndi Hopeson pa depoti ya Nkhata Bay Lachisanu lina m'mwezi wa Malichi, dzuwa likuswa mtengo. Ankachokera ku Mzuzu komwe anakagula makope a ana ake a Sitandade 6. Potsika minibasi, katoni inabooka kunsi, makope n'kumwazika mbwee m'fumbi.

Mnyamata wamtali, atabereka gitala kumsana, anawerama n'kuyamba kutola.

"Musaikwiyire katoniyi, achemwali," anatero mnyamatayo. "Nanenso mukanandikumbatira choncho, ndikanasungunuka."

Rosina anayesa kuumitsa nkhope koma kuseka kunamupulumuka.

"Yewu, ada," anathokoza m'Chitonga cha kwawo.

"Ada? Ndakalamba choncho? Dzina langa ndine Hopeson. Ndimaimba m'bandi ya Mwera ya ku Mzuzu. Lamlungu tili ku gombe la Mwaya. Tengani tikiti iyi."

"Lamlungu ndimakhala kutchalitchi."

"Ife timayamba wani koloko. Mmawa wonse timawasiyira Mulungu. Masana okha ndi amene ndikukupemphani."

Rosina anali asanapondeko ku shoo chibadwire. Bambo ake, a Longwe, anali mkulu wa mpingo, ndipo nyimbo zimene ankazidziwa iye zinali za kwaya basi. Komanso panali Edwin, kalaliki wa ku doko, munthu wofatsa wosadziwa kukometsa pakamwa. Akwawo kwa Edwin anali atatumiza kale munthu kudzafunsira mbeta, ndipo makolo onse anali atagwirizana.

Nanga tikitiyo akanaitaya? Anaiika m'kati mwa buku la nyimbo. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anakoka Khumbo, mnzake wophunzitsa naye, n'kulowera ku Mwaya.

Siteji inali ya matabwa oyalidwa pa makireti, pabwalo la loji ina. Kunali amayi a mumsika atavala zitenje zatsopano, anyamata onyamula katundu ku doko, ndi azungu angapo ovina mosemphana ndi ng'oma. Asodzi ena anaimika mabwato awo chapafupi, kumvera ulere ali pamadzi.

Ng'oma zitayamba, Rosina anazimva m'chifuwa, osati m'makutu. Anagwira mkono wa Khumbo.

"Iwe! Kodi zimakhala chonchi?"

"Wayamba kale kugwedeza phewa, mwana wa mkulu wa mpingo!" anamuseka Khumbo.

Pakati pa nyimbo yachitatu jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Masipika onse zii! Anthu anayamba kukuwiza, ena kufuna kuponya mabotolo. Koma Hopeson sanasiye. Anaika maiki pansi, anatsika pa siteji ndi gitala yake, n'kumaimba ndi mawu ake enieni, akuyenda pakati pa anthu. Mmodzimmodzi anayamba kuwomba m'manja, kenaka bwalo lonse linayamba kuvomera nyimbo, mpaka asodzi aja ankamenya nkhafi m'mbali mwa mabwato.

Hopeson anadzaima patsogolo pa Rosina. Anamaliza nyimbo yonse akumuyang'ana m'maso.

Ndi mtsikana uti akanapirira zimenezo?

Tsiku lomwelo anapatsana manambala, ndipo mauthenga a Hopeson anayamba kulowa pa foni.

"Batala wanga wa ku Nkhata Bay, nsomba yonona yosafuna mafuta. Wafika bwino?"

"Ndafika. Koma musamanditchule mayina a nsomba."

"Chabwino, Rozi wanga. Jenereta ija inazima chifukwa inaona kuti kuwala kulipo kale."

Mwezi wotsatira bandi inakaimba ku Chintheche. Rosina ananamiza bambo ake kuti kuli msonkhano wa aphunzitsi. Kumeneko mvula inagwa shoo ili mkati, anthu n'kumavina m'matope nsapato zili m'manja. Hopeson anavula jekete lake n'kumufunditsa.

"Ine ndayenda, Rozi," anamunong'oneza. "Karonga, Rumphi, Kasungu, konse ndaimbako. Koma mtima wanga unali usanapeze pofikira. Iwe ndiwe doko langa. Ndikadzakusiya, zala izi zidzaume, ndisadzagwirenso gitala."

Rosina analira ndi chimwemwe. Edwin anali asanamuuzepo mawu otere. Uthenga wa Edwin unkangoti: "Mwaswera bwanji? Moni kwa ada ndi ama."

M'mwezi wa Meyi, Rosina anapita ku doko nthawi ya nkhomaliro. Anamupeza Edwin atakhala pa benchi kunja kwa ofesi.

"Edwin, ndabwera kudzakuuza kuti za ukwati zija zilekeke."

Edwin anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Ndi woimba uja?"

"Inde."

"Ndakulakwira chiyani, Rosina?"

"Palibe. Koma ndikakhala nawe mtima wanga sugunda."

"Ndimaona ngati mtima wogunda kwambiri amapita nawo kuchipatala," anatero Edwin motsitsa mawu. Anaimirira, n'kupukuta fumbi pa buluku. "Chabwino. Sindikakamiza. Uyende bwino."

Kunyumba kwa Rosina kunali moto. Mayi ake analira ngati pagwa maliro. A Longwe sanakalipe. Anangovula magalasi n'kufunsa funso limodzi.

"Anthu aja ndinawalandira ndi manja awiri pakhomo pano. Ndikawauze kuti chiyani?"

"Mukawauze kuti ndakonda wina, ada."

"Winayo kwawo n'kuti? Bambo ake ndani? Amapemphera kuti?"

Rosina anangodzuka n'kulowa kuchipinda. Kuyambira tsiku limenelo a Longwe anasiya kumulankhula. Moni ankayankha ndi mutu basi.

Khumbo naye sanamusiye.

"Mnzanga, miyezi isanu tsopano. Kunyumba kwake unafikako?"

"Amakhala ndi anzake a m'bandi. Akuti si malo oyenera mkazi."

"Nanga shoo za ku Mzuzu bwanji amakukaniza?"

"Akuti kumachuluka zidakwa. Amanditeteza, Khumbo! Iwe nsanje basi."

"Nsanje? Ine? Chabwino, ndatseka pakamwa."

Kenaka kunabwera nkhani ya shoo yaikulu. Bandi ya Mwera inakonza zodzakhazikitsa chimbale chake choyamba ku Mwaya komweko, Lamlungu lomaliza la Okutobala. Hopeson anatumiza mpukutu wa mapositala pa minibasi, pamodzi ndi uthenga.

"Rozi wanga, tauni ndi yako iyi. Ndithandize kuti anthu adzadzaze. Tsiku limenelo ndidzakutchula dzina pa siteji, Nkhata Bay yense adzadziwe kuti ndiwe ndani kwa ine. Ndalonjeza."

Rosina anawerenga uthengawo kasanu. Kodi si chinkhoswe chimenecho? Kodi bambo ake sadzachita manyazi ndi mafunso awo aja?

Anaphika phala la ufa wa chinangwa lomatira. Akaweruka kusukulu ankazungulira tauni ndi chidebe ndi burashi. Anamata pa chipata cha msika, pa magolosale, pa depoti, pa mitengo ya m'mbali mwa msewu. Anamata ngakhale pa khoma loyang'anizana ndi zenera la Edwin ku doko. Amayi ogulitsa usipa ankagwirana zigongono akamadutsa.

"Si aphunzitsi a Longwe awo? Ayamba ganyu?"

Iye sanasamale. Anaitana aphunzitsi anzake onse, atsikana a m'kwaya ndi asuweni ake.

"Mudzabwere," ankawauza akumwetulira. "Kudzakhala nkhani."

Tsikulo litafika, Rosina sanapite kutchalitchi. Mmawa wonse anali ku saluni. Anavala diresi yobiriwira imene anasoketsa dala, ndipo itakwana wani koloko iye ndi Khumbo anali pa geti.

Pa tebulo la matikiti panali mayi wina wachilendo, wowonda, atabereka khanda. Rosina anali asanamuonepo.

"Matikiti, amayi," anatero mayiyo.

"Ine sindilipira. Ndine wa Hopeson."

Mayiyo anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mwati ndinu ndani wake?"

"Bwenzi lake. Rosina."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Sanakwiye, sanadabwe. Anatenga pepala la mayina a olowa ulere n'kutsetsereka ndi chala.

"Rosina... eya, mulipo. Onani."

Rosina anawerama. Zilembo zinali za Hopeson, ankazidziwa bwino. Panalembedwa kuti: Rosina, mtsikana wa mapositala.

"Inuyo ndinu ndani?" anafunsa Khumbo.

"Ndine Dorothy, mayi a kunyumba kwa Hopeson. Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Ndine ndimayendetsa bandiyi, kungoti miyezi yapitayi ndinali woyembekezera, sindinkayenda. Uyu ndi wachitatu." Anagwedeza khanda kumsana. "Lowani, achemwali, mukutsekereza mzere."

"Tiye tizipita," ananong'ona Khumbo.

"Ayi," anatero Rosina. "Ndikufuna ndimve pakamwa pake."

Bwalo linali litadzaza kuposa tsiku loyamba lija. Mapositala anagwira ntchito! Aphunzitsi anzake anamukodola, atamusungira malo kutsogolo. Atsikana a m'kwaya anamuimbira nthungululu poona diresi. Rosina anakhala pakati pawo ngati mtembo wovekedwa bwino.

Bandi inaimba kuposa kale lonse. Jenereta sinazime. Anthu anavina mpaka fumbi kobo! Koma Rosina sanamve nyimbo ngakhale imodzi. Ankangoyang'ana zala za Hopeson zikuthamanga pa gitala, zala zomwe zija ankalumbirira.

Itatha nyimbo yachisanu, Hopeson anakweza dzanja. Maso ake anali atapita ku geti, kenaka kwa Rosina, ndipo thukuta linali kamukamu.

"Nkhata Bay, muli bho? Ndisanapitirize, pali munthu wofunika kumutchula. Aphunzitsi a Rosina Longwe, imirirani!"

Aphunzitsi anzake anakuwa. Wina anamukankha kuti aimirire. Miyendo inamunyamula yokha.

"Amenewa ndi amene anatimatira mapositala tauni yonse ino, mwaulere! Mlongo wathu wokonda luso. M'manja mwamphamvu!"

Anthu anawomba m'manja. Ena anaimba likhweru.

"Ndipo kugeti uko kuli mayi wa ana anga, Dorothy, msana wa bandi ino. Chimbale chimenechi ndi chako, mama!"

Bwalo linaphulika ndi chisangalalo. Mzere wakutsogolo wokha ndi umene unakhala chete. Atsikana a m'kwaya anayang'ana pansi. Mphunzitsi wina anatsokomola, n'kuyamba kufufuza chinthu m'chikwama.

Rosina anali chiimire. Akhale pansi? Athawe? Alire pamaso pa anthu amene anawaitana yekha?

Anatembenuka n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku geti, Khumbo ali pambuyo. Bandi inalengeza kupuma kwa mphindi khumi. Asanafike pa tebulo la matikiti, foni inanjenjemera m'dzanja lake.

"Batala wanga, usapite. Sindinadziwe kuti abwera. Uja ndi wa ana chabe, mtima uli kwa iwe. Ndikufotokozera mawa."

Rosina anaika foniyo pa tebulo, patsogolo pa Dorothy.

"Werengani, amayi."

Dorothy anawerenga mpaka kumapeto. Anaseka kuseka kopanda mano.

"Batala? Koma ndiye amayesetsa. Wa ku Karonga ankamutchula kuti mpunga wonunkhira. Wa ku Kasungu sindikukumbuka, kaya chinali chiyani."

"Ndiye mumadziwa? Mumadziwa, n'kumangokhala?"

"Ndipite kuti ndi ana atatu? Masipika mukuwamvawo ndinagula ndine, nditagulitsa makina anga osokera. Ine ndinalowa kale m'madzi, achemwali. Inu mwangonyowa mapazi. Thokozani Mulungu."

"Ndinasiya mwamuna chifukwa cha iyeyu," anatero Rosina. "Mwamuna wabwino."

Apo Dorothy anasiya kuseka. Anamubwezera foni ndi manja awiri.

"Pamenepo ndiye pepani. Enawo sanataye kanthu."

Rosina anamuuza Khumbo kuti amusiye yekha. Anakwera chitunda cha kwawo wapansi, nsapato zazitali zili m'manja, dzuwa likumuwotcha pamutu. Kumbuyo ng'oma zinayambiranso, ndipo anthu anakuwa polandira nyimbo yatsopano.

A Longwe anali pakhonde, akadali m'suti ya kutchalitchi. Anamuyang'ana mwana wawo, diresi, tsitsi, mapazi afumbi. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu, anatsegula pakamwa.

"Zikumvekabe kumusiko. Iwe wabwerako bwanji?"

"Kwa ine zatha, ada."

Anagwada pafupi ndi mpando wawo, misozi ili chuchuchu.

"Ada, ndinalakwa. Mundiperekeze kwa a Edwin. Ndikagwada pamaso pa makolo awo, ndikapepesa ndekha. Edwin ndi womva, andikhululukira."

A Longwe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka anaika dzanja pa tsitsi la mwana wawo, mosamala ngati akuopa kulisokoneza.

"Ukanabwera kutchalitchi mmawa uno, ukanamva wekha, mwana wanga. Abusa alengeza ukwati wa Edwin ndi Takondwa, namwino wa pachipatala chathu. Kalata yotsimikiza ukwatiwo ndawerengera mpingo ndine."